Kudikira Kubweranso kwa Yesu Mumzinda wa Tete: Mafunso ndi Mayankho

Mumzinda wa Tete uthenga wa kubweranso kwa Yesu Khristu umalalikidwa m'Chinyungwe cha eni dera, m'Chipwitikizi, komanso m'Chichewa cha anthu ochokera ku Angónia, Tsangano, Macanga, Zóbuè ndi ku Malawi. Akatolika, a Reformed, a Sabata ndi mipingo yambiri ya chipentekosite amasiyana pa zinthu zambiri, koma onse amavomereza kuti Ambuye adzabwera. Chimene chimavuta ndi nthawi ya pakati pa lero ndi tsikulo. Munthu akhale bwanji podikira? Mafunso otsatirawa ndi amene amamveka kawirikawiri m'miphakati, m'milaga ndi pa maliro.

Kodi kudikira moleza mtima kumatanthauza chiyani kwa Mkhristu?

Kalata ya Yakobo, mutu 5, imapereka chitsanzo cha mlimi amene amadikira mvula yoyamba ndi yotsiriza kuti mbewu zake zikhwime. Munthu wa ku Tete sasowa womumasulira fanizo limeneli. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, milambe imakhala yopanda tsamba, mbuzi zimaonda, ndipo mitambo imatha kusonkhana madzulo n'kubalalikanso osagwetsa dontho. Mlimi alibe mphamvu pa mitambo, koma munda uli m'manja mwake. Amasosa, amagalauza, amakonza makasu, ndipo amasunga mbewu ngakhale m'nyumba muli njala. Amene wadya mbewu chifukwa choti mvula yachedwa amadzagwira njakata anzake akubzala.

Kuleza mtima kwa Mkhristu kuli ndi mbali ziwiri zomwezi: kuvomereza kuti nthawi ndi ya Mulungu, ndi kugwira ntchito imene wapatsidwa lero. Yakobo amawonjezerapo chenjezo loti abale asamanyinyirike wina ndi mnzake. Ankadziwa kuti anthu akatopa ndi kudikira amayamba kulumana okhaokha. M'mipingo yathu yambiri, mikangano ya maudindo ndi ya ndalama za chopereka yagwetsa anthu ochuluka kuposa chizunzo chochokera kunja.

Papita zaka pafupifupi 2,000 chilonjezereni. Kodi lonjezoli silinafe?

Funsoli linafunsidwa kale mpingo ukadali khanda. Kalata yachiwiri ya Petro, mutu 3, imanena za anthu onyoza amene ankati makolo amwalira koma zinthu zikungoyenda monga kale. Yankho lake lili pawiri. Choyamba, Mulungu sawerenga nthawi monga momwe ife timawerengera. Chachiwiri, chimene ife timachiyesa kuchedwa ndi chifundo chake, mpata woti anthu ambiri alape. Tsono Mkhristu amene akudandaula kuti Yesu wachedwa adzifunse ngati m'nyumba mwake momwe mulibe munthu amene mpata umenewu ukumuthandiza.

Chigwa cha Zambezi chadikira nthawi yaitali. Wansembe wa chipani cha Yesu, Gonçalo da Silveira, anadutsa ku Tete pa ulendo wake wopita kwa mfumu Mwenemutapa, kumene anaphedwa mu Malichi 1561. Chikhristu m'chigwachi chinkayaka ndi kuzirala. Apwitikizi anathamangitsa ansembe a chipani cha Yesu mu 1759, koma ansembewo anabweranso ndi kuyambitsa mishoni ya Boroma m'zaka za m'ma 1880. Dayosizi ya Tete inakhazikitsidwa mu 1962. Mibadwo yonseyi inayembekezera Ambuye n'kumwalira asanabwere, ndipo ife tinamva Uthenga Wabwino chifukwa cha nthawi yomweyo imene ena amati yatalika.

Kodi pali munthu amene angadziwe tsiku kapena chaka?

Palibe. Yesu mwini, pa Marko 13:32, ananena kuti tsikulo ndi chinsinsi cha Atate, chobisika ngakhale kwa angelo. Pa Machitidwe 1:7 anawauza ophunzira ake kuti kudziwa nyengo si gawo lawo. Komabe anthu sasiya kuwerengetsera, ndipo mbiri ya kuwerengetsera kumeneku ndi yomvetsa chisoni.

Ku America, otsatira a William Miller anayembekezera Ambuye pa 22 Okutobala 1844, ena mpaka kusiya mbewu m'munda osakolola. Tsikulo linadutsa. Mwa anthu amene anatsala ndi chikhulupiriro munatuluka mpingo wa Seventh-day Adventist mu 1863, ndipo mpingowu sutchula tsiku. Ku Malawi, Elliot Kamwana analalikira ku Nkhata Bay mu 1908 ndi 1909 kuti ufumu watsopano udzafika mu 1914, ndipo anabatiza anthu pafupifupi 10,000 m'miyezi yochepa Angerezi asanamuthamangitse m'dzikomo. Chaka cha 1914 chinabweretsa nkhondo yaikulu, ndipo msonkho ndi thangata zinapitirira. Harold Camping, mlaliki wa pa wayilesi ku America, anatchula 21 Meyi 2011, ndipo nayenso analephera.

Kwina zinafika poipa kwambiri. Ku Kanungu m'dziko la Uganda, gulu lina limene atsogoleri ake ankati dziko litha pa mapeto a 1999 linathera m'moto pa 17 Malichi 2000, ndipo onse amene anafa, kuphatikizapo opezeka m'maenje, anaposa 700. Ku Shakahola m'dziko la Kenya, kuyambira 2023 kunafukulidwa mitembo yoposa 400 ya anthu amene anauzidwa kuti asale kudya mpaka imfa kuti akakumane ndi Yesu. Mtsogoleri wawo Paul Mackenzie anaimbidwa milandu. Munthu akakutchulirani tsiku, dziwani kuti akudzinenera chinthu chimene Yesu anati sichinapatsidwe kwa munthu.

Nanga nkhondo, madzi osefukira ndi matenda zimene taona kunoku si zizindikiro za mapeto?

Pa Mateyu 24 Yesu anatchuladi nkhondo, njala ndi zivomezi. Koma m'mutu womwewo anati zimenezi ndi chiyambi chabe, ndipo anachenjeza ophunzira ake kuti asachite mantha kapena kusocheretsedwa. Zizindikiro zinaperekedwa kuti tikhale maso, ndipo mbadwo uliwonse waona zake.

Amene anakhala m'chigawo cha Tete pa nkhondo ya pachiweniweni ya 1977 mpaka 1992 anali ndi zifukwa zonse zoganizira kuti dziko likutha. Midzi inapsa, galimoto zinkayenda pa msewu wa Zóbuè mpaka Cuchamano moperekezedwa ndi asilikali, ndipo anthu a ku Mozambique pafupifupi 1 miliyoni anathawira ku Malawi. Koma pa 4 Okutobala 1992 mtendere unasainidwa ku Rome, ndipo mmodzi mwa amkhalapakati anali Ambuye Jaime Gonçalves, Arkiepiskopi wa Beira. Mpingo ukadangoti awa ndi mapeto, palibe chochita, sukadakhala pa tebulo limenelo.

Mu Malichi 2019 mtsinje wa Revúbuè unasefukira ndi kulowa m'nyumba ku Chingodzi ndi ku Matundo, ndipo mu Januwale 2022 namondwe Ana anagwetsa mlatho wa pa mtsinje womwewo. Ku Chitima, mu Januwale 2015, anthu 75 anamwalira atamwa mowa wa masese pa maliro. Mphekesera zinafala zoti wina anathiramo ndulu ya ng'ona, koma akatswiri atapima anapeza kuti poizoniyo anachokera ku tizilombo ta mu ufa wa chimanga umene unali utaonongeka. Pa Luka 13 Yesu anakamba za anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, ndipo anakana zoti iwo anali ochimwa kuposa ena. Choncho tsoka likagwa, Mkhristu asathamangire kuloza chala kapena kulengeza mapeto. Adziyese mumtima, athandize ovutika, ndipo aphunzirepo: nyumba isamangidwenso m'njira ya madzi, ufa wonyowa usalowenso mumphika.

Ngati Yesu akubwera posachedwa, n'kulimbikiranji sukulu, munda kapena geni?

Akhristu ena a ku Tesalonika anaganiza chomwecho. Anasiya ntchito, n'kumangoyendayenda kudya za anzawo. Paulo, m'kalata yake yachiwiri kwa iwo, mutu 3, anawadzudzula mosabisa mawu ndipo anawalamula kuti adzipezere okha chakudya ndi manja awo. Kale kwambiri, Ayuda ali ku ukapolo ku Babulo, mneneri Hananiya anawalonjeza kuti abwerera kwawo pasanathe zaka 2. Yeremiya anati zidzakhala zaka 70, ndipo anawalembera kalata kuti amange nyumba, alime minda, akwatitse ana ndi kufunira zabwino mzinda umene ankakhalamo. Uthenga wa Hananiya unali wokoma m'khutu, koma woona anali Yeremiya. Ndiye mwana apite kusukulu, mayi wa pa msika wa Kwachena ayale malonda ake, msodzi aponye ukonde. M'fanizo la matalente pa Mateyu 25, wantchito amene anadzudzulidwa ndi uja anakwirira ndalama pansi podikira mbuye wake.

Palinso cholakwa china chimene mzinda wa Tete ukuchidziwa bwino, ndicho kuiwala kuti Ambuye adzabwera chifukwa choti ndalama zabwera. Kampani ya Vale itayamba kukumba malasha ku Moatize mu 2011, anthu anakhamukira kunoku kuchokera kumadera onse, nyumba za lendi zinakwera mtengo, ndipo ambiri ankati umphawi watsanzika. M'chaka chomwecho kampani ya Rio Tinto inagula kampani ya Riversdale, mwini mgodi wa Benga, pa ndalama pafupifupi madola 3.7 biliyoni. Mu 2014 inagulitsa migodi yakeyo pa madola 50 miliyoni okha. Mtengo wa malasha utatsika, ambiri ntchito inawathera. Nayo Vale inagulitsa mgodi wake ku kampani ya Vulcan mu 2022. Ntchito ya kumgodi ndi yabwino ndipo yadyetsa mabanja ambiri. Koma chiyembekezo cha munthu chikamangidwa pa mtengo wa malasha, chimakwera ndi kutsika nawo limodzi.

Kodi kuleza mtima ndiye kuti kukhala chete munthu akamakupondereza?

Ayi, ndipo apa m'pamene alaliki ena amalakwira anthu osauka. Mutu womwe uja wa Yakobo umene umalimbikitsa kudekha umayamba ndi kudzudzula anthu olemera amene amabisa malipiro a antchito awo, ndipo umati kulira kwa antchitowo kumafika kwa Mulungu. Pa Luka 18 Yesu anayamikira mayi wamasiye amene ankabwerabwerabe kwa woweruza wouma mtima mpaka mlandu wake unamveka. Chimene Mkhristu waletsedwa ndi kubwezera choipa. Kunena zoona sanaletsedwe.

Pa 16 Disembala 1972 asilikali a Apwitikizi anapha anthu pafupifupi 400 ku Wiriyamu ndi midzi yoyandikana nayo, kumwera kwa mzinda wa Tete. Ansembe a kunoku, pakati pawo Bambo Domingos Ferrão ndi ansembe a chipani cha Burgos ochokera ku Spain, anamva umboni wa opulumuka ndi kulemba maina a ophedwa. Mu Julayi 1973 Bambo Adrian Hastings anatulutsa nkhaniyi m'nyuzipepala ya The Times ku London. Boma la ku Lisbon linakana. Panapita zaka pafupifupi 50 kuti nduna yaikulu ya Portugal, António Costa, ivomereze poyera ku Maputo mu Seputembala 2022 kuti chimene chinachitikacho chinali choipa chosakhululukika. Ansembe aja sanagwire mfuti, komanso sanatseke pakamwa. Kumeneko ndiye kupirira kwa Chikhristu.

Masiku athu ano, mabanja oposa 1,300 anasamutsidwa kuti mgodi wa Moatize utsegulidwe, ambiri kupita ku Cateme. Mu Januwale 2012 anthu a ku Cateme anatseka njanji podandaula za nyumba ndi minda imene anapatsidwa. Mbusa amene angauze anthu otere kuti angodikira nyumba za kumwamba, osanenapo kanthu za malonjezo a pansi pano, wawerenga theka la mutu wa Yakobo.

Kodi m'chigawo cha Tete muli anthu amene anaonetsadi kupirira kotereku?

Alimo, ndipo a mipingo yosiyanasiyana. Mu 1909 amishonale a Dutch Reformed, anzawo a aja a ku Mvera ndi ku Nkhoma, anatsegula mishoni ku Mphatso m'dera la Angónia. Mu 1922 boma la Apwitikizi linatseka ntchitoyo. Kwa zaka pafupifupi 50 Akhristu a kumeneko analibe mbusa wokhala pakati pawo. Akulu a mpingo ndiwo ankatsogolera mapemphero, ndipo ubatizo ndi mgonero anthu ankakazipeza kutsidya la malire, m'mipingo ya ku Malawi. Ambiri amene anayamba kudikirako sanaone mapeto ake. Lero Igreja Reformada em Moçambique ili ndi Sinodi ya Mphatso komanso sukulu ya ubusa ya Hefsiba ku Ulónguè.

Dziko la Mozambique litalandira ufulu mu 1975, boma linatenga sukulu ndi zipatala za mishoni, ndipo amishonale ambiri anachoka. Akatolika atakumana ku Beira mu 1977 anagwirizana zoti mpingo udalire miphakati ndi mautumiki a Akhristu eni ake. Makatekisiti ndi amayi a m'midzi ndiwo anasunga chikhulupiriro m'zaka za nkhondo, pamene wansembe sankaoneka kwa nthawi yaitali. Ansembe ena anasankha kukhalabe ndi anthu awo, monga Bambo João de Deus Kamtedza, mbadwa ya ku Angónia, ndi Bambo Sílvio Moreira wa ku Portugal, amene anaphedwa ku Chapotera pa 30 Okutobala 1985. Dayosizi ya Tete inayamba ntchito yofufuza moyo wawo kuti adzatchedwe odala.

A Mboni za Yehova a ku Malawi, chipembedzo chawo chitaletsedwa mu 1967 ndipo chizunzo chitakula mu 1972, ambiri anakhala pa msasa wa Mlangeni mbali ya Mozambique mpaka 1975. Chiletsocho chinachotsedwa mu 1993. Munthu atha kusiyana nawo pa chiphunzitso, koma sangakane kuti anavutika chifukwa cha zimene ankakhulupirira. Pa nkhani zonsezi pali chinthu chimodzi chofanana: anthu wamba ankasonkhanabe, ankaphunzitsabe ana awo, ndipo sankadziwa kuti zowawazo zidzatha liti.

Aneneri ena amalonjeza chuma, ukwati kapena machiritso a pompopompo. Kodi amene akudikira ndiye kuti chikhulupiriro chake n'chochepa?

Mulungu amayankha mapemphero ndipo amachiritsa. Koma Baibulo ladzaza ndi anthu a chikhulupiriro chachikulu amene anadikira nthawi yaitali. Abrahamu anadikira zaka 25 kuti Isake abadwe. Paulo anapempha katatu kuti chowawa china chimuchokere, ndipo sichinachoke, monga akufotokozera pa 2 Akorinto 12. Yobu, amene Yakobo amamutchula ngati chitsanzo cha kupirira, analira ndi kufunsa mafunso ovuta, koma sanamusiye Mulungu. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mlaliki muzimuyesa ndi zipatso zake. Ngati amagulitsa madzi kapena mafuta odzozera, kumbukirani Simoni wa pa Machitidwe 8, amene anadzudzulidwa chifukwa chofuna kugula mphatso ya Mulungu ndi ndalama. Ngati amakuuzani kuti amayi anu kapena agogo anu ndiwo akukulodzani, akugwetsa nyumba yanu. Ngati amakuletsani kumwa ma ARV, mankhwala a shuga kapena a malungo, akuika moyo wanu pachiswe. Pempherani ndithu, koma pitaninso kuchipatala. Luka, amene analemba mabuku awiri a m'Chipangano Chatsopano, anali sing'anga.

Nanga abale athu amene amwalira Yesu asanabwere, kudikira kwawo kwapita pachabe?

Funso limeneli ndi limene linavutitsa Atesalonika, ndipo Paulo analiyankha m'kalata yake yoyamba, mutu 4. Anati amene anafa ali okhulupirira sadzatsalira m'mbuyo, iwo ndiwo adzayamba kuuka. Mipingo imasiyana pofotokoza za mmene akufa alili pakali pano, koma pa kuuka kwa akufa imagwirizana. N'chifukwa chake pa maliro a Chikhristu timalira komanso timaimba. Paulo sanaletse kulira, anangoti tisalire ngati anthu opanda chiyembekezo. Apanso pali phunziro kwa amoyo: kaya Ambuye abwera m'masiku athu kapena ayi, aliyense wa ife tsiku lake lokumana nawo silili kutali.

Tsono ndichite chiyani kuti ndisafooke?

Musadzipatule. Kalata ya kwa Aheberi, mutu 10, imati okhulupirira asaleke kusonkhana ndi kulimbikitsana. Ambiri amene amabwera ku Tete kudzafuna ntchito amasiya mpingo kumudzi, n'kumati adzayambiranso akadzabwerera. Funani mpingo kumene mukukhala, kaya ndi ku Matundo, ku Chingodzi kapena ku Moatize, ndipo mudziwike kwa akulu ake. Ngati chinenero chikuvutani, funsani kumene amapemphera m'Chichewa.

Werengani Baibulo mutu wathunthu, osangodalira ndime imodzi imene wina watumiza pa WhatsApp. Buku Lopatulika lilipo kuyambira 1922 ndipo Buku Loyera kuyambira 1998. Amene amawerenga yekha sanamizidwa msanga. Uthenga woopseza za 666 kapena za tsiku la mapeto ukafika pafoni yanu, musautumize kwa ena musanafunse munthu wodziwa Malemba.

Khalani okhulupirika pa zinthu za tsiku ndi tsiku: muyezo woona pa msika, malipiro a wantchito pa nthawi yake, ngongole yobwezedwa, banja losungidwa ngakhale muli kutali ndi kwanu. Mutu 25 wa Mateyu umatha ndi chiweruzo, ndipo zimene Mfumu idzafunse ndi za anjala, aludzu, alendo, osowa zovala, odwala ndi a m'ndende. Anthu onsewa alipo mumzinda muno, ena pa khomo loyandikana ndi lanu.

Choncho, inu owerenga, musapereke munda wanu, ndalama zanu kapena sukulu ya mwana wanu kwa munthu aliyense amene akukuuzani tsiku. Pitirizani kupemphera, kugwira ntchito, kunena zoona ndi kuthandiza ovutika mpaka Ambuye atabwera kapena atakuitanani.